Laputopu Yofunda Bulangete

Mmalawi aliyense wa ku Rotherham amene anakhalapo pafupi ndi Eston m'basi, kapena kuima naye pamzere wa tiyi akaweruka kutchalitchi, ankaidziwa nkhani ya Chala Chamoto. Ngakhale amene sankaifuna ankaidziwa. Chala Chamoto ndi dzina limene Eston anapatsidwa ali mnyamata ku Bangwe, m'kanyumba ka magemu ka a Saidi, momwe munali wailesi yakanema imodzi, kamakina ka gemu kamodzi ndi benchi yopendekeka. Gemu yake inali yomenyana, ndipo anyamata ankangoitchula kuti Chibakera. Lamulo la pamalopo linali lakuti wopambana sachoka pabenchi, wogonja ndiye amapereka padi, kogwirira ka mabatani kaja, kwa wina. Malinga ndi mwini nkhani, iye ankakhala pabenchipo mpaka matako kuchita dzanzi, ndipo anyamata ochokera ku Ndirande ndi ku Chilomoni ankabwerera kwawo akulira. Chaka chilichonse olirawo ankachuluka. Mboni zonse zinali kutali, choncho nkhaniyo inkanenepa popanda woisokoneza.

Koma chaka chimenechi Eston anali ndi chinthu china chomudya mumtima. Mayi ake anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo abale kumudzi anakonza zovundukula chiliza mu Ogasiti. Mwana wake yekhayo, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi wobadwira ku Mangalande konko, anatenga dzina la agogo akewo, Daphne. N'chifukwa chake Eston akakondwa ankamutchula kuti amayi, akakwiya n'kubwerera ku iwe. Mlongo wake wamkulu wa Eston, a Tinenenji, anali atanenetsa pafoni kuti nsalu ya pachiliza adzaichotsa ndi mwini dzina, osati wina. Agogowo anapita asanamugwireko dzanja mdzukulu wawoyo, ankangomuona pafoni basi. Zimenezi zinkamupweteka Eston, ndipo ankaopa kuti mwanayo akapanda kupita ulendo uno sadzapondakonso kwawo mpaka kalekale.

Mkazi wake Agness, namwino wa pachipatala, sanapatsidwe tchuthi cha mwezi umenewo. Ulendo unali wa anthu awiri, bambo ndi mwana.

"Amayi, sukulu ikangotsekera tikunyamuka," anatero Eston tsiku lina akudya.

"I'm not going, Dad."

"Mwati bwanji?"

"I'm staying with Mum."

"Iwe, ukudziwa kuti ukuyankhula ndi ndani?"

Daphne ankadziwa, koma anakana kwamtuwagalu. Eston anakalipa, zinakanika. Ananyengerera ndi nsapato zatsopano, zinakanika. Anatuma mayi busa kuti amulankhule, mwana anawamwetsa tiyi mwaulemu n'kuwaperekeza mpaka pakhomo, yankho lili lomwe lija. Chinthu chimodzi chokha Eston sanachite, ndicho kufunsa chifukwa. Kwa iye mwana wokana ulendo anali wamwano basi, panalibenso chofunsa.

Loweruka lina anamupeza Daphne pabalaza akusewera magemu ake amakono, ndipo pakamwa panamuyabwa.

"Magemu a masiku anowa ndi a anthu aulesi. Ife nthawi yathu, Chibakera, munthu umatuluka thukuta. Iweyo pabenchi ya a Saidi sukanakhalapo ngakhale kanthawi kothira mchere m'ndiwo."

"Prove it," anatero mwanayo, maso ali pasikirini.

Apa ndi pomwe nzeru inamugwera Eston, ndipo iye anaiona ngati yochokera kumwamba. Anati aisaka gemuyo mpaka aipeze. Adzamenyana ndime zitatu, wopambana ziwiri ndiye mwini mawu. Akapambana iye, Daphne akwera ndege popanda kuwiringula.

"And if I win?"

"Ukapambana iwe, utsala."

"And you never ask me again."

"Sindidzakupemphanso."

Agness, amene ankasita yunifomu pakona, anaimika simbi. "Bambo a Daphne, mukuika ulendo wa kumanda kwa amayi pa gemu?"

"Mayi a Daphne, mukuyankhula ndi Chala Chamoto."

"Ndamva. Koma paja ng'oma yolira sichedwa kung'ambika."

Eston anangoseka n'kuimbira foni mlamu wake McDonald, mchimwene wa Agness, amene ankagwira ntchito ya makompyuta ku Manchester. Sabata yotsatira McDonald anatsika sitima atanyamula mapadi awiri ndi kafulashi m'thumba. Anayang'ana laputopu ya Eston, yogulidwa kwa munthu amene nayenso anaigula kwa munthu, n'kupukusa mutu.

"Alamu, iyi ndi laputopu kapena thireyi ya tiyi?"

"Ikani gemu, zachipongwe mukachitire kwanu."

McDonald anaika zoikazo uku akufotokoza. Makina ngati a a Saidi aja anasiya kupangidwa kalekale. Chimene iye anabweretsa ndi pulogalamu yotchedwa emyuleta, imene imachititsa laputopu kunamizira kuti ndi makina akalewo. Gemu ikalamula m'chinenero cha makina ake, laputopu iyambe yamasulira kaye, kenako ndiye ichite chimene yauzidwa. Ntchito imakhala pawiri, ndipo laputopu yofooka imapuma wefuwefu.

Eston sankamva zonsezo. Nyimbo ya Chibakera inali itayamba kulira, mochita chibwibwi inde, koma inali yomwe ija. Anasankha munthu wake wakale, msodzi wonyamula nkhafi, n'kuyamba kulimbana ndi adani a kompyuta. Adaniwo ankabwera pang'onopang'ono, chibakera chikuonekera patali ngati basi yotsika phiri. Eston ankazinda, n'kubweza. Anagwetsa woyamba, wachiwiri, wachitatu.

"Mwaona, alamu? Mwaona? Chala sichikalamba!"

"Dikirani kaye," anatero McDonald, akuloza kanambala kamene kankaphethira pakona ya sikirini. "Aka kakuwerenga zithunzi zimene laputopu ikutulutsa pa sekondi. Kayenera kunena sikisite. Panopa kakunena sate chakuti. Gemu yanuyi ikuyenda theka la liwiro lake. Mukumenya anthu odwala."

Anatembenuza laputopu ija n'kuchotsa fumbi la m'fani ndi kaburashi, fumbi lokwana kudzalamo mpiru. Anailumikiza ku magetsi, chifukwa ikamayendera batire imadzichepetsa mphamvu yokha. Anaikhazika pa zivindikiro za mabotolo kuti mpweya uzidutsa pansi, pakuti ikatentha imabweza liwiro poopa kupsa. Anachepetsanso kukongola kwa zithunzi kuti katundu apepuke. Kanambala kaja kanakwera mpaka kufika pa sikisite n'kukhazikika. Nyimbo inasiya chibwibwi.

"Tsopano menyani."

Mdani woyamba yemwe uja, amene ku Bangwe ankagwetsedwa ndi ana osavala nsapato, anamudumphira msodzi wa Eston n'kumupondaponda asanakweze n'komwe nkhafi. Eston anayesanso. Anagwa. Anayesanso. Anagwa mofulumira kuposa poyamba.

"Mwaiononga!"

"Ndaikonza."

"Si mmene inkayendera kwa a Saidi iyi. Ine ndinaliko, inu munali kuyamwa."

"Pamenepo pali kachoonadi pang'ono," anavomera McDonald. "Magemu obwera kwathu ankatsalira pang'ono paliwiro chifukwa cha mtundu wa ma TV athu. Koma ndi pang'ono, alamu. Kwinako ndi zaka. Chala chili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo wayamba imvi."

"Bwezerani mmene inalili."

"Ayi. Daphne ananditumizira uthenga kuti ndionetsetse kuti zonse zili fair. Ine ndi malume ake. Malume sabera mwana wa mlongo wake."

Anadya nkhuku ya Eston mpaka mafupa, anapukuta pakamwa, n'kukakwera sitima yake akuseka.

Masiku otsatira anali owawa. Eston akaweruka ku nyumba yosungira katundu komwe ankagwira ntchito, ankatsegula laputopu Daphne asanabwere kusukulu, n'kumenyedwa. Zala zinkakumbukira zonse, batani ili kenako ili kenako ili, koma zinkafika nkhondo itatha. Anayesa kulowa m'malo osinthira zinthu a emyuleta ija, anapezamo mawu achingerezi osamveka ndi timabokosi tambirimbiri, n'kutulukamo msanga poopa kuiphera limodzi. Mantha anamugwira. Anali ataika chiliza cha mayi ake pa zala zimene zinamuthawa.

Ndiye masana ena, msana ukumuwawa, ananyamula laputopu n'kukagona nayo pabedi. Chaja anaiiwala pabalaza. Anaikhazika pa bulangete lochindikala lija la m'nyengo yozizira n'kuyamba kumenyedwa monga mwa masiku onse. Posakhalitsa fani inayamba kubuula. Nyimbo inayamba kukoka mawu. Mdani uja anadumpha, n'kukhalitsa m'mwamba ngati akuganiza kaye zotsika. Eston anamulandira ndi nkhafi pachipumi.

Anadzuka n'kukhala tsonga. Kanambala ka pakona kanali katatsika kufika pa fote. Anayang'ana bulangete, anayang'ana laputopu, n'kumwetulira kumwetulira kumene munthu wa Mulungu sayenera kumwetulira. Zonse zimene mlamu wake anakonza, anamuphunzitsanso kuzimasula kwake.

Mumtima anadziuza kuti si kuba. Ankangobwezera gemu pa liwiro la makolo. Komanso cholinga chinali choyera, mwana akaone manda a agogo ake. Ndi mawu amenewa chikumbumtima chinagona tulo, ndipo Eston anayamba kukonzekera. Zivindikiro za mabotolo zija anazitaya m'bini. Chaja, akatha kudzaza batire, ankaikulunga m'pepala n'kuikwirira m'ndowa ya mpunga kukhitchini. Pa kanambala ka pakona anamatapo pulasitala yochokera m'chikwama cha mkazi wake. Sabata yonseyo anayeserera pa bulangete, ndipo adani a kompyuta anagwa mmodzimmodzi monga kale.

Nkhondo inaikidwa Lamulungu masana akaweruka kutchalitchi. Tsikulo kunatentha modabwitsa, kutentha kumene kumabwera ku Rotherham mwa apo ndi apo, azungu n'kuvula malaya m'misewu. Mazenera onse anali otsegula koma mpweya unali zii. Eston sanavule tayi. Anapinda bulangete kanayi n'kuliyala patebulo la pabalaza, laputopu pamwamba.

"Bulangete ndi la chiyani kutentha konseku?" anafunsa Agness, atakhala pa sofa ndi kapu ya madzi ozizira.

"Tebulo ndi la eni nyumba ili. Likakandika mudzalipira ndinu?"

"Nanga pulasitalayo?"

"Sikirini yachita kamng'alu."

"Ndiye mwaimanga bala," anatero Agness. "Chaja ili kuti?"

"Yasowa. Batire ndi lodzaza, musadandaule."

Agness anamuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, kuyang'ana kwa namwino amene wodwala akumuuza kuti mankhwala onse anamwa. Kenako anangomwa madzi ake.

Daphne anatsika kuchipinda kwake, anayang'ana bulangete, anayang'ana pulasitala, n'kutsamiritsa foni yake pa chitini cha shuga, kamera italoza kwa iwo.

"For evidence," anatero.

"Jambulani, amayi, jambulani," anatero Eston akukonza tayi. "Adzukulu anu adzaone."

Iye anasankha msodzi wake. Daphne, amene gemuyo anali asanaigwirepo, anangosankha kamkazi kovala nsapato zachikasu chifukwa nsapatozo zinamusangalatsa.

Ndime yoyamba inayenda monga Eston anakonzera. Laputopu inali itangofunda bwino, liwiro lili pomwe iye ankalifuna. Daphne, wozolowera magemu othamanga, ankadina msanga n'kumenya mphepo. Nkhafi inalira kawiri katatu pamutu pa kamkazi kaja, ndipo kanagwa chagada. Eston anaimirira n'kuvina pang'ono, padi ili m'mwamba.

"Pasipoti ili kuti, mayi a Daphne? Yambani kulongedza! Ndirande inalira, Chilomoni inalira, lero Rotherham!"

"Khalani pansi," anatero Agness. "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

Chimene Eston sanachiwerengere ndi dzuwa. Kuyeserera konse kuja ankachita masiku a mitambo, m'chipinda chozizira. Lero laputopu inali ndi bulangete pansi ndi chitungu pamwamba. Ndime yachiwiri itangoyamba, fani inakuwa ngati chigayo. Gemu sinangochedwa ayi, inayamba kudzandira. Pena inkaima, pena n'kuthamanga mwadzidzidzi kuti ipeze pomwe inatsalira, pena n'kuimanso. Eston akadina batani, msodzi ankayamba waganiza kaye. Mikwapulo yake yotchuka ija, yofuna mabatani asanu otsatizana pa kugunda kwake, inkaduka pakati. Msodzi ankakweza nkhafi n'kuiwala chimene amafuna kuchita nayo.

Daphne anapendeketsa mutu. "Oh, it's just lag," anatero, ngati munthu amene wakumana ndi mnansi wakale. Mwana ameneyu anakulira pa intaneti yotsika mtengo ya m'nyumba momwemo, imene inkadula masewera ake tsiku lililonse. Kuchedwa kwa gemu kunali chakudya chake. Anasiya zodumphadumpha. Anagwaditsa kamkazi kake pansi n'kuyamba kutchera mwendo, kamwendo kamodzi ka m'munsi, akudina msanga n'kudikira kuti kafike. Msodzi akayandikira, kamwendo. Akadzuka, kamwendo.

"Zimenezo ndi zachibwana!" anakuwa Eston. "Kwa a Saidi womenya choncho ankatulutsidwa panja!"

"Is it in the rules?"

Sizinali m'malamulo. Msodzi anagwa, ndipo ndime zinakhala imodzi imodzi.

Thukuta linatsika m'khosi mwa Eston n'kunyowetsa kolala. Tsopano ankafuna liwiro, liwiro lomwe lija analithamangitsa. Ndime yachitatu itayamba anayamba kuuzira laputopu ndi pakamwa, fuu, fuu, zala zili pa padi. Anatola buku la nyimbo n'kuikupiza ndi dzanja limodzi, msodzi n'kulandira kamwendo. Anayesa kukoka bulangete ndi bondo, laputopu inapendekeka, n'kulisiya. Nyimbo ya Chibakera inali itasanduka kubuula kwa ng'ombe. Mzere wa moyo wa msodzi unkafupika, ndipo pamodzi nawo ndege, Chileka, manda, nsalu yoyera ya pachiliza.

Paja wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

"Mayi a Daphne! Chaja! Thamangani!"

"Si yasowa kodi?"

"Mu mpunga! M'ndowa ya mpunga, pansi penipeni! Fulumirani!"

Agness sanathamange. Madzi anamutuluka m'mphuno, n'kugwera chammbali pa sofa akuseka mpaka misozi. Pasikirini kamwendo komaliza kananyamuka pang'onopang'ono, aliyense akukaona, Eston akudina mabatani onse pamodzi, ndipo kanafika. Msodzi anagwa kugwa kwautali, kosatha, ngati mtengo wa bulugamu.

Daphne anaika padi patebulo. Anatambasula dzanja n'kumatula pulasitala ija. Pansi pake panalibe mng'alu.

"Nineteen, Dad," anawerenga kanambalako. "Really?"

Manyazi analipo, koma chimene chinamupweteka Eston kwambiri si manyazi. Anali atataya ulendo wa mwana wake ndi manja ake omwe, ndipo anali atalonjeza kuti sadzapemphanso. Anaona a Tinenenji ataima pamanda akuyang'ana kumsewu, ndi iye akufika yekha ndi sutikesi. Agness ataona nkhope yake anasiya kuseka, anatola kapu yake n'kupita kukhitchini.

"Pangano ndi pangano," anatero Eston potsiriza, mawu ali pansi. "Wapambana. Utsala. Sindikupempha ayi. Ndingofunsa chinthu chimodzi. Chifukwa chiyani sukufuna kupita?"

Daphne anayamba kusewera ndi pulasitala ija pachala. Kenako anayamba kufotokoza m'Chingerezi chake chothamanga, maso ali pansi. Anati agogo ake ankawakonda, ndipo kumanda ankafuna kukaonako. Chimene ankaopa ndi anthu. Abale akaimba foni ya vidiyo, a Tinenenji amamufunsa funso m'Chichewa. Iye amamva zonse, liwu lililonse. Amayamba kumanga yankho m'mutu, kufuna mawu, kuwaika m'malo mwake, koma lisanafike pakamwa anthu aseka kale, akuti mzungu wathu wasowa chonena. Ndiye kumandako, pamaso pa mudzi wonse, adzamuuza kuti mwini dzina alankhulepo.

"And you always answer for me, Dad. Every time. I nearly have it, and you answer."

Eston anatsegula pakamwa kuti akane, n'kupatseka. Zinali zoona. Nthawi zonse ankalumphira n'kumuyankhira, poganiza kuti akumupulumutsa. Anayang'ana padi imene inali idakali m'manja mwake. Anali atangolawa kumene kuwawa kwa kudziwa chochita, kudina, chibakera n'kufika anthu ataseka kale.

Akanatha kulonjeza kuti sadzamuseka, koma likanakhala bodza lachiwiri tsiku limodzi. A Tinenenji ankaseka ngakhale pamaliro. Banja lonselo linali la anthu oseka, ndipo likapeza munthu womuseka silinkamusiya msanga. Eston anaganiza zimenezi, maso ake n'kugwera pa foni yotsamira chitini cha shuga.

"Foniyo yajambula zonse?"

"Everything. Even the rice."

"Bweretsa kuno."

Daphne anaikumbatira pachifuwa. "You're not deleting it."

"Sindifufuta. Nditumizire."

Mwanayo anatumiza mokayika. Eston anatsegula gulu la banja la pa WhatsApp, momwe munali a Tinenenji, azisuweni, azilamu, ndi amuna angapo amene anakhalapo pabenchi ya a Saidi, amene kwa zaka zonsezi ankamusiya kuti azidzitama chifukwa ankawatumizira mayunitsi. Agness anali ataima pakhomo la khitchini, chaja yoyera ndi fumbi la mpunga ili m'manja.

"Bambo a Daphne, mukudziwa chimene mukuchita? Ikalowa mmenemo situlukanso. Ifika ku Bangwe konse, ibwerera kuno kutchalitchi, ifika mpaka kwa McDonald."

"Ndikudziwa," anatero Eston. "Munthu ali ndi kamwa limodzi. Akamaseka ine sangasekenso mwana wanga. Izi ziwakwanira Ogasiti yense."

Anayang'ana vidiyoyo komaliza, mwamuna wa tayi akuuzira laputopu yokhala pa bulangete. Dzina limene analisamala kuyambira unyamata linali pansi pa chala chake chachikulu. Zinamuwawa, asaname. Anadina.

"Izi sizikusintha pangano," anauza Daphne. "Wapambana ndiwe. Upite, usapite, mawu ndi ako."

Sipanapite nthawi yaitali foni inayamba kunjenjemera patebulo ngati yagwidwa malungo. Kenako inalira, foni ya vidiyo. Anali a Tinenenji. Eston anayankha, koma chimene chinaoneka poyamba ndi denga la malata, chifukwa mwini foni anali atagwa pamkeka. Nkhope itabwera inali yonyowa ndi misozi, ndipo kumbuyo kwake mitu ya abale inali itaunjikana.

"Mu mpunga!" analira a Tinenenji. "Achimwene, mu mpunga! Mayo ine, nthiti zanga! Chala Chamoto wazimitsidwa ndi mwana! Ali kuti mwini dzina? Mpatseni foni!"

Eston anatembenuzira foni kwa Daphne. Mwanayo anauma.

"Iwe Daphne, tatiuza wekha. Unawatani abambo akowa?"

Milomo ya Daphne inkagwedera popanda mawu. Yankho linafika pa lilime la Eston lokha, monga mwa chizolowezi, ndipo analimeza. Anagwira milomo yake ndi zala ziwiri n'kuitsina. Kumudzi wina anayamba kunena kanthu, a Tinenenji n'kumukhazika chete ndi dzanja, chifukwa nkhani iyi ankaifuna kuchokera kwa mwini wake. Onse anadikira. Fani ya laputopu yokha ndi imene inkamveka.

"Ndina... ndinawamenya, auntie," anatero Daphne. Anapuma. "Ndi mwendo. Kambiri."

Kuseka kumene kunaphulika m'foni kunamveka mpaka kwa aneba, ndipo zala zonse za pasikirini zinkaloza Eston. Daphne anayang'ana nkhope zosekazo, kenako bambo ake, ndipo nayenso anayamba kuseka.

"Ayi, izi si za pafoni," anatero a Tinenenji akupukuta m'maso ndi chitenje. "Ubwere udzatifotokozere bwinobwino, kuyambira pa bulangete. Ubwera?"

Eston anayang'ana pazenera. Kudikira kumeneku kunatalika kuposa kuja.

"Ndibwera," anatero Daphne.

Dzuwa lisanalowe abale anali atamupezera kale Eston dzina latsopano. Ndi limene anamulandira nalo mu Ogasiti pabwalo la ndege la Chileka, gulu lonse likukuwa pamodzi kuseri kwa chitseko cha galasi, anthu osawadziwa n'kumatembenuka.

"A Bulangete! A Bulangete afika!"

"Ndine pano!" anayankha Eston mokweza, akukoka sutikesi ya mwana wake.